Njinga ya Mayi ndi Olemekezeka a Khansala

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo, makina anga osokera akulirabe. Mayi mkono ndi mwendo wakumanja sizinabwerere, koma pakamwa pokha mpakuthwa ngati kale.

Njinga ya olumala unatumiza ija inafika bwino. Tsiku loyamba Mayi anakana kutsikapo, anadyera pomwepo, aliyense wodutsa pakhonde n'kumamuuza kuti awakankheko. Wachita bwino kwambiri. Koma tamva zimene achita achimwene athu, Olemekezeka a Khansala.

Ukuwadziwa kumene anachokera. Anayamba n'kudula ziphaso pamsika, kuthamangitsa amayi a tomato. Atangolowa ukhansala anamera chimimba, n'kuyamba kutitchula kuti "anthu anga", ife amene tinkadya nawo mbale imodzi. Pano anthu anawapatsa dzina loti a Sizasi, poti chimene amadziwa n'kudula maliboni basi. Mlatho wakumsika anautsegulira kawiri, koma mvula ikagwa timavulabe nsapato. Zimbudzi za padepoti anazitsegulira m'mawa, madzulo n'kuzikhoma. Makiyi mpaka lero ali m'thumba mwawo.

Chidwalireni Mayi anali asanapondeko kunyumba. Tsono poti chisankho chayandikira, Loweruka lapitali anatulukira ndi galimoto ya khonsolo ine ndili kushopu, n'kuuza Mayi kuti akupita nawo kwa dokotala. Masana kasitomala wina anandifunsa kuti bwanji sindili kubwalo la sukulu, pomwe mayi anga ali pansanja. Ndinasiya diresi pamakina n'kuthamanga.

Mlongo wanga, ndinapeza njinga yako ataimanga liboni lofiira, Mayi atawakhazika pabenchi pambali, dzuwa likuwawomba. Achimwene ali ndi chimkuzamawu m'manja, akuuza gulu kuti gogo ameneyu ndi wa m'dera lawo, alibe womuyang'anira, ndipo iwo mtima unawapweteka mpaka anamugulira njinga ndi ndalama za m'thumba mwawo. Anyamata awo ananyamula Mayi n'kuwaikapo, wojambula n'kujambula. Kenako anawaikira chimkuzamawu pakamwa kuti athokoze.

Mayi anawayang'ana achimwene kuyambira kunsapato mpaka kutayi. Ndiye anati, "Zikomo bwana. Mwachita bwino kundiuza kuti ndilibe ana. Ine ndimayesa inuyo ndinakubalani ndine."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Munthu wamanyazi akanalowa pansi. Iwo ayi, anayamba kuomba m'manja okha, ati agogo ndi anthabwala.

Usaganize kuti zinathera pomwepo. Mayi anabwezedwa kunyumba opanda njinga, ati inkafunika mawa lake kudera lina, ikaperekedwenso kwa gogo wina. Usiku umenewo ndinawabereka ndekha popita kuchimbudzi.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya khonsolo. Mlembi anati bwana ali pamsonkhano, chonsecho ndikuwamva akuseka pafoni. Ndinangokankha chitseko. Njinga inali pakona, pansi pa chithunzi chawo, ataunjikapo zipewa za kampeni. Ndinakhuthulira zipewazo pansi, n'kutuluka nayo njingayo. Achimwene ananditsatira mpaka pakhonde akunong'ona kuti ndisawachititse manyazi pantchito, ati vuto langa sindimvetsa ndale. Ndinawayankha mokweza kuti ndale sindizimvetsadi, koma wakuba ndimamudziwa. Mlonda wapageti ananditsegulira zitseko zonse ziwiri.

Tsono pempho langa ndi ili. Achimwene akuimbira foni, akufuna ujambule uthenga wowayamikira m'dzina la banja. Usayerekeze. Ngati uli ndi mawu abwino, bwera nawo kuno udzawauze Mayi pamaso. Kuchokera tsiku lija sakudya bwino. Pagulu anaseketsa anthu, koma m'nyumba amangoyang'ana kukhoma.

Dzulo ndikuwasambitsa anandiuza kuti tsiku lovota ndidzawalawirize, akufuna akakhale kutsogolo kwa mzere. Ndinafunsa kuti akavotera ndani. Anati achimwene ako omwewo. Ndinaponya sopo m'beseni, n'kufunsa ngati aiwala kale za pabenchi paja. Anandiyankha kuti, "Sindinaiwale. Koma akaluza adzalowera kuti? Mwana uja palibe ntchito ina imene amaidziwa."

Ndinangopitiriza kuwatsuka kumsana.

Undiperekere moni kwa alamu, ana uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe usachedwe.

Ndine mlongo wako,
Telala wa pakhomo pano