Timabotolo ta Mzime

Lachitatu, 16 Sepitembala

Okondedwa Achemwali,

Musadabwe kuti ndakulemberani pamanja ngati mwana wa sukulu yogonera komweko. Ndikamaliza kalatayi ndiijambula, ndikutumizireni pafoni. Ndikanaimba, koma inu mukangomva mawu anga mumayamba kundifunsa ngati ndadya, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa ndili ndi pempho, ndipo likukhudza Mzime wathu.

Ndiyambe ndi kudandaula. Uthenga wanu wondiyamikira ndinaulandira, pamodzi ndi tizithunzi ta manja owomba tija. Ati mng'ono wanga wagwetsa boma ndi cholembera! Sindinagwetse boma ine, Achemwali. Lilipo, ndipo likunenepa. Ine ndine wolemba chabe mu ofesi ya Olemekezeka, phungu wa mbali yotsutsa, m'kachipinda kopanda windo koyandikana ndi chimbudzi cha Nyumba ya Malamulo. Madigiri onse aja, ntchito yake n'kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene amawerenga ngati akutafuna miyala.

Koma zimene Olemekezeka ananena m'Nyumbamo tsiku lija zokhudza mphamvu zapadera ndi zoona, ndipo sindibweza. Chibwerere mliri, boma linadzipatsa ufulu wotsekera anthu m'nyumba dzuwa likangolowa, wogula zinthu osafunsa aphungu, womanga aliyense wotsokomola molakwika. Apolisi anakwapula amayi ogulitsa masamba chifukwa chosavala masiki, iwo eni masiki ili pachibwano. Ndowa yosambira m'manja inagulidwa pamtengo wa njinga yamoto, n'kufika yopanda mpopi. Akuluakulu anakaphunzira kukhala motalikirana atathithikana m'hotela imodzi ngati machesi, uku anamwino akuchapa magolovesi kuti awavalenso mawa. Polemba zimenezi ndinkamva kukoma, ndisaname.

Tsono nayi mbali imene wailesi sinakuuzeni.

Mukudziwa kuti Mzime atasiya zozunguza bongo zodzibaya zija, achipatala anamuika pa mankhwala amadzi oletsa thupi kupempha. Lamulo lakale linali lakuti azipita yekha m'mawa uliwonse, aime pamzere kuseri kwa chipatala, amwe namwino akuona, kenako ayasamule ngati mwana kuti atsimikize kuti wameza. Windo loperekera mankhwalawo limatsegulidwa dzuwa litakwera, n'kutsekedwa masana asanakwane. Ndi ntchito yanji imene munthu angagwire akamayamba tsiku chonchi? Mliri utafika, boma linaopa mizere. M'malamulo apadera aja munalowa kandime kamodzi kolola anthu ngati Mzime kutenga timabotolo ta sabata yonse, kukamwera kunyumba. Sanachite chifukwa cha chifundo, anachita chifukwa cha mantha. Komabe kandimeko ndi kamene kanatibwezera mlongo wathu.

Anapeza ntchito ku bekale. Mukanamuona, Achemwali! Kudzuka kusanache, kumwa kabotolo kake ataima pa sinki, apuloni paphewa, ulendo. Masana amabwera ufa uli m'nsidze, mikono ili ndi timabala ta uvuni, n'kumandiphunzitsa za yisiti ngati wangoitulukira yekha. "Asisi, zolemba zanuzo alipo anadyapo n'kukhuta?" Ananenepa. Anayambanso kuseka kuja kogwedeza mapewa ngati malemu Bambo. Mwini bekale sankadziwa kanthu za mankhwalawo, ndipo panalibe chifukwa choti adziwe.

Chipani chitagwirizana zopempha Nyumba kuti ithetse mphamvu zapaderazo, ndinadziwa kuti kandimeko kapita nazo limodzi. Sindinganamizire kusawerenga, chifukwa mu ofesimo wowerenga ndine ndekha. Ndinalowa kwa Olemekezeka, ndinawapeza akumwa tiyi.

"Bwana, tithetse zonse, koma ndime ya mankhwalayi tiisiye."

"Ya anyamata a zobaya aja?"

"Eya, bwana. Ikuthandiza anthu."

Anaika kapu pansi. "Mwana wanga, ukasiya ndime imodzi, mawa Nduna iimirira n'kunena kuti ngakhale otsutsa avomera kuti malamulowa ndi abwino. Nyuzipepala zilemba kuti tikuteteza oledzera pamene anamwino alibe magolovesi. Ndipo wandikumbutsa. Uikemo kuti boma likugawa mankhwala ozunguza bongo m'makomo ndi ndalama za mliri. Anthu akwiya bwino. Kapena uli ndi m'bale wako kumeneko?"

Anafunsa akuseka. Nanenso ndinaseka. Ndinati, "Ayi, bwana."

Ine, Achemwali! Ine amene ndinkatsutsana ndi aphunzitsi a ku yunivesite mpaka kuwatulutsa thukuta, ndinati ayi bwana, n'kubwerera kukachipinda kanga kukalemba. Ndipo sindinalembe mwaulesi kuti ziwonongeke, dzanja langa silidziwa kutero. Chiganizo chija munachikonda, chakuti boma likukanika kufikitsa mpweya kuchipatala koma likufikitsa zoledzeretsa pakhomo, ndi changa. Aphungu anamenya matebulo. Ena a mbali ya boma, poopa chisankho, anavota nafe. Mphamvu zapadera zinatha, ndipo zinayenera kutha.

Nditaweruka tsiku limenelo ndinamupeza Mzime akusita apuloni. Anali atamvera zonse pa wailesi ya ku bekale.

"Mwawina, Asisi."

"Awina ndi Olemekezeka."

"Ayi, ndi inu. Mdala uja sangatukwane mwaulemu chonchija. Nditamva za pakhomo zija ndinangoti, awa ndi Asisi anga."

Ndinayamba kumufotokozera kuti palibe boma loyenera kukhala ndi mphamvu zotere, kuti lero likukwapula ogulitsa masamba, mawa likwapula tonse. Anandimvera mpaka ndinamaliza, n'kupinda apuloni yake bwinobwino.

"Zoona zimenezo," anatero. "Nanga Lolemba ndipite kuti, ku uvuni kapena pawindo?"



Anasankha uvuni. Anati thupi lake lalimba tsopano, atha kukhala osamwa. Ndinamuchonderera kuti tipite limodzi kwa mwini bekale, tikamuuze zoona, mwina amusinthira nthawi. Anandifunsa kuti, "Inu abwana anu munawauza?"

Masiku oyamba anapirira. Kenako thukuta, kuyasamula kosalekeza, miyendo kukokana, chakudya osachiyang'ana. Loweruka anagwetsa thileyi ya buledi wotentha, mwini bekale n'kumuuza kuti akapume, mwina ndi mliri. Dzana ndinamuperekeza pawindo. Mzere unali utafika pamsewu. Munali amuna ovala yunifolomu za ntchito pansi pa majekete, akuyang'anayang'ana nthawi, ndi mayi wina atabereka mwana. Anthu amene ndinawatchula oledzera pamaso pa dziko lonse anatisunthira kuti Mzime akhale pamthunzi. Namwino anati popeza wadumpha masiku, sangamupatse mankhwala asanaonane ndi dokotala, ndipo dokotalayo amabwera Lachisanu m'mawa. Mzime akapanda kufika, malo ake apatsidwa kwa wina, chifukwa odikira ndi ambiri. Pobwerera tinadutsa pasiteji ya basi, mnzake wakale uja, Wamtali, amene ankabaya naye, n'kumuimbira mluzu. Mzime sanacheuke. Koma ndinamuona akumeza malovu.

Ndalemba kale pempho lobwezeretsa kandimeko ngati lamulo lapalokha. Olemekezeka aliika pansi pa sosala ya kapu yawo ya tiyi, ati tikambirana chisankho chikatha. Dzulo ndinawauza kuti funso lija ndinayankha bodza, m'bale ndili naye. Anangoti, "Pepa, mwana wanga," n'kundifunsa ngati ndamaliza nkhani ya misonkho.

Tsopano pempho langa.

Dzulo lomwelo nditaweruka, Mzime sindinamupeze. Foni yake ndi yozima. Lero sindinapite kuntchito. Ku bekale sanafike, kuchipatala sanafike, anyamata a pasiteji akuti sanamuone, koma akunena zimenezo akuyang'ana pansi. Mukudziwa kuti kuyambira ali mwana, akachita manyazi amathawira kwa inu. Akaimba, ngakhale pa nambala yachilendo, ngakhale muli pantchito, yankhani. Musamukalipire, musamulalikire, ndipo chonde musalire, chifukwa mukalira adula. Mumuuze ziwiri zokha: dokotala ndi Lachisanu m'mawa, ndipo chitseko sindikukhoma. Ngati sakufuna kundiona, mumuuze kuti ndikaima kutsidya kwa msewu, sindimulankhula. Angofika pawindopo basi.

Mayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ine mudzandikalipire zonse zikatha, ndidzakhala chete mpaka mudzamalize, kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Mupereke moni kwa alamu, ndi ana onse muwapsompsone. Mayi akupereka moni wambiri. Anandiimbira m'mawa uno kufunsa ngati Mzime angawabweretsere buledi Lamlungu, ndipo ndinati ndimuuza. Moni wa Mzime sindilemba, chifukwa sanandisiyire. Mukamumva, muulandire nokha kwa mwini wake, kenako mundiimbire, nthawi ina iliyonse.

Ndine mng'ono wanu, amene wakhala pafupi ndi chitseko.