Mayi Yudita Kalonje Anafera Panjira ya Kuchipatala

Bungwe la Amayi Osamalira Odwala
Meluluca ndi Nkholongue
Pa 21 Junyu 1969

Kwa Bambo Yohana Kalonje, ana awo Priska ndi Susana, abale onse a banja la Kalonje, ndi anthu onse a m'mbali mwa nyanja amene uthenga uno udzawafike,

Ndi mitima yosweka, ndiponso ndi mkwiyo umene sitiubisa chifukwa kuubisa kungakhale kunyoza malemuwo, ife amayi a bungwe lino tikulengeza imfa ya namwino wathu ndi mphunzitsi wathu, Mayi Yudita Kalonje, amene anatisiya Lachinayi lapitali ali m'machila, panjira yopita kuchipatala cha boma, atangopitirira pang'ono mudzi wa Nkholongue. Imfa imeneyi yatidzidzimutsa, osati chifukwa sitidziwa kuti munthu amafa, pakuti ife tatseka maso a anthu ambiri, koma chifukwa nthenda imene yawatenga ndi yomwe iwo anachiritsa mwa ena kosawerengeka, ndipo mankhwala ake analipo pafupi, m'chipinda chokiya.

Mayi Yudita anaphunzira unamwino pachipatala cha mishoni, kumene akanatha kukhala moyo wawo wonse m'nyumba ya malata, atavala zoyera. Koma atakwatiwa kuno n'kuona kuti mayi wovutika pobereka ankanyamulidwa tsiku lathunthu asanaone dotolo, anatenga bokosi lachitsulo, naikamo kwinini, penisilini, majakisoni ndi lumo, nayamba kuyenda mudzi ndi mudzi. Anayenda chomwecho zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wapansi kapena pabwato la amuna awo. Anatsuka zilonda zimene eni ake ankaopa kuziyang'ana, anachotsa mbedza m'zala za asodzi, anabereketsa amayi pamphasa ndi pamchenga, ndipo anatiphunzitsa kuwiritsa lumo tisanadule mchombo wa mwana ndi kuleka kupakapo phulusa, kotero kuti kafumbata, amene ankapha makanda sabata isanathe, anachepa m'midzi mwathu mpaka atsikana a lero sadziwa maonekedwe ake. Ndiwo anayambitsa bungwe lino, la amayi makumi awiri ndi atatu, ena a kutchalitchi ndi ena a kumzikiti.

Sitinganame kuti anali munthu wofatsa. Anali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo palibe mmodzi wa ife amene sanakalipiridwepo chifukwa cha zikhadabo zazitali kapena madzi osawira bwino. Ine amene ndikulemba uthengawu ndinawathamangitsa pakhomo panga tsiku loyamba limene anafika. Mwana wanga Shufaa anali atangobereka, magazi osaleka, ndipo ine ndinaima pakhomo n'kunena kuti mayi wa kutchalitchi salowa m'nyumba mwanga. Iwo anaika bokosi pansi nandiyang'ana.

"Mayi a Shufaa, mudzandithamangitse mawa. Lero patukani, mwana wanu akutha."

Ndinapatuka. Shufaa ali ndi ana anayi tsopano, ndipo ine ndinatsatira Mayi Yudita kuyambira tsiku limenelo.

Nkhondo itafika m'dera lino, boma la Apwitikizi linatichotsa m'midzi yathu n'kutiunjika m'mudzi umodzi wozunguliridwa ndi waya, kumene munthu satuluka popanda giya, chikalata chija chololeza ulendo. Mabwato ambiri analandidwa. Chaka chatha asilikali anabwera kunyumba kwa a Kalonje natenga bokosi la mankhwala, ati mankhwala akakhala m'manja mwa munthu wakuda amathera kwa omenya nkhondo kutchire. Pasanapite miyezi itatu chikuku chinalowa m'mudzi wa waya uja, mmene nyumba zake n'zothinana ndipo chitsime chake n'chimodzi. Ana anayamba kufa, ena ndi chikuku chenichenicho, ambiri ndi chibayo chimene chimatsatira pambuyo pake.

Mayi Yudita anavala zoyera zawo zakale napita kuofesi ya boma, ine ndili pambuyo pawo. Tinadikira pakhonde mpaka masana. Mkulu wa ofesiyo atatuluka, iwo analankhula naye m'Chipwitikizi chake chomwe, osadikira womasulira.

"Bwana, ndabwera kudzapempha bokosi langa. Ana asanu ndi awiri taika kale m'manda. Ngati simundikhulupirira, ndipatseni msilikali aziyenda nane ndi mfuti, aziona ndi maso ake mwana aliyense amene ndikumubaya jakisoni."

Mkuluyo anayankha kuti alibe msilikali wosewera naye, ndi kuti odwala azipita kuchipatala cha boma monga mwa lamulo.

"Apita bwanji, bwana, pamene giya imatenga masiku atatu, ndipo chibayo chimatenga mwana masiku awiri?"

Mkuluyo anatiuza kuti tichoke pakhonde chifukwa kukubwera alendo. Pachipatala chomwecho cha boma, monga mudziwa nonse, mwana wa mzungu akatentha thupi amaonedwa nthawi yomweyo, pamene mayi wa kuno amakhala pansi panja ndi mwana wake kudikira kuti mwina dzina lake liitanidwa. Izi sitinamve kwa munthu, tinaziona tokha.

Atabwerera opanda kanthu m'manja, Mayi Yudita sanagone m'nyumba kulira. Anatigawira nyumba za odwala, natiphunzitsa kumwetsa ana madzi owiritsa othira mchere ndi shuga pang'ono, kuwatsuka m'maso, ndi kuwakhazika tsonga kuti apume bwino. Ana khumi ndi asanu ndi anayi anapita chaka chimenecho, ndipo mayina awo onse Mayi Yudita ankawatchula pamtima. Amene anapulumuka ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo makolo awo akudziwa dzanja limene linawagwira.

Mwezi uno, mwera utayamba kuwomba, iwo anakhala masiku anayi akusamalira nkhalamba ina yodwala chifuwa m'nyumba yopanda chitseko. Atabwerako anayamba kunjenjemera. Lamulungu anandiitana, nandigwiritsa dzanja pambali pa nthiti zawo.

"Mwamva mmene mukulirira umu? Ichi ndi chibayo. Mankhwala ake ndikuwadziwa, ndipo ndikudziwa pamene ali. Munali mabotolo asanu ndi limodzi m'bokosi muja."

Lolemba m'mawa Bambo Yohana anapita kukapempha giya. Anauzidwa kuti wosayina wachoka, abwerenso mawa. Lachiwiri anauzidwa kuti wosayina alipo koma chidindo chakiyiridwa ndipo mwini kiyi sanabwere. Lachitatu anagwada pansi, bambo wa imvi, pamaso pa kalaliki wamsinkhu wa mwana wawo, ndipo giya inatuluka madzulo, chipata chitatsekedwa kale. Bwato analibe chifukwa linalandidwa. Lachinayi kutacha amuna anayi ananyamula Mayi Yudita m'machila, ine ndi Priska tikutsatira ndi madzi.

Titapitirira Nkholongue anapempha kuti awatsitse pamthunzi. Sanadandaule, ndipo sanatchule aliyense amene anawalakwira. Anaitana amuna awo ndi mawu otsika.

"Bambo a Priska, musawavutitsenso anthuwa, atopa. Mukauze Zainabo wa m'bungwe lathu kuti mkazi wa a Sikudhani mwana wagona chopingasa m'mimba. Asadikire tsiku, ayambe lero kupempha giya."

Atatero anapuma kangapo, nasiya.

Tikanakonda kuti nkhaniyi ithere pamenepo, koma sinathere pamenepo. Titabwerera ndi mtembo pachipata cha mudzi, msilikali anawerenga giya ija nanena kuti ndi yololeza kutuluka ndi wodwala, osati kulowa ndi wakufa, ndipo kuti pafunika chikalata china. Bambo Yohana anafunsa mwaulemu ngati angamusiyire akazi awo pomwepo kuti akawapemphere chikalatacho. Msilikali sanamve kuti mawuwo akutanthauzanji, anangoti inde. Mayi amene anabereketsa theka la anthu a m'kati mwa waya uja anagona kunja kwake, padzuwa, maola anayi, mwana wawo Priska akuwaingitsira ntchentche ndi nsalu.

Dzulo pamaliro ofesi ya boma inatumiza munthu wake ndi nsalu yoyera ndi mawu opepesa, ati boma lataya mzake wothandizana naye pantchito ya zaumoyo. Banja linalandira nsaluyo, ndipo sitiliweruza, pakuti tonse tikudziwa zimene zimagwera munthu wokana mphatso yochokera kumeneko. Koma ife a bungwe mawuwo sitinawalandire. Munthu yemweyo, manda asanaume, anapempha kuti timulembere mayina a amayi onse a bungwe lino, ati n'cholinga choti boma liwathandize. Thandizo limene tikulifuna tinalipempha kale pakhonde paja, ndipo tikulipemphanso pano poyera: litsegulidwe bokosi, ndipo wodwala asamadikire chidindo.

Inu Bambo Yohana, inu Priska ndi Susana, m'malo mwa amayi onse a bungwe lino, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima. Sitikuuzani kuti lekani kulira, chifukwa ifenso sitinaleke, ndipo sitikuuzani kuti inali nthawi yawo, chifukwa tikudziwa kuti sinali. Munda wanu wa chinangwa tidzaupalira mosinthana, usipa wanu tidzayanika ndife, ndipo pakhomo panu sipadzasowa mmodzi wa ife kufikira misozi itayamba kuchepa. Zainabo wapita kale kuofesi kukaima pamzere chifukwa cha mkazi wa a Sikudhani, ndipo akabwezedwa apitanso Lolemba. Mulungu mmodzi amene tonse timamupempha, aliyense m'njira yake, akupatseni mphamvu zodzuka m'mawa uliwonse, akulimbitseni mawondo, ndipo alandire mtumiki wake Yudita kumene palibe chipata chomufunsa chikalata.

Kwa amene akufuna mayina a amayi a bungwe lino, ndikudziwa kuti uthengawu udzafika m'manja mwawo. Alembe limodzi ili.

Mwanaheri Fakihi
Mtsogoleri, Bungwe la Amayi Osamalira Odwala