Amayi Asiya Kulumbira

Tanta,
9 Novembala 2022

Okondedwa achemwali Nagat,

Ndikhulupirira muli bwino ku Muscat kumene mukuphunzitsa ana a eni ake, mlongo wanu akufa ndi nyemba kuno.

Mimba ija yapeza dzina. Adokotala akuti m'matumbo mulibe chilonda, kungoti ndi amanjenje ngati mwini wake. Akuti muli mabakiteriya ambirimbiri, ena abwino ndithu, amene akalandira nyemba, anyezi, adyo ndi buledi wa tirigu amachita phwando, ine n'kumatupa ngati ng'oma. Anandiuza ndisiye zonsezo kwa masabata angapo, kenako ndiyambenso kuzidya chimodzi ndi chimodzi kuti tigwire wolakwa. Ndinafunsa, "Nanga Muigupto atsala ndi chiyani, adokotala? Mbale?"

Amayi nkhaniyi anailandira ngati mlandu. "Tizilombo? M'nyumba mwanga? Nyemba zimene ndimatsuka ine? Madigiri akowo ndi amene akukutupitsa!"

Mukudziwa kuti chichokereni inu sanachepetse mphika. Gawo lanu limagwera m'mbale mwanga. Ndikakana amakweza chala: "Ndalumbira pali Mulungu, udya!" Ndikapanda kudya, lumbiro lasweka, ndipo ayenera kulipira podyetsa osauka khumi. Sabata yoyamba osauka a mumsewu mwathu anayamba kunenepa. A Shehata, osoka nsapato aja, amandiimitsa: "Aphunzitsi, mimba ili bwanji? Musachire msanga, chonde."

Ndinkaseka mpaka ufa ndi mafuta zinawathera Amayi. Apo anati azilipira posala kudya masiku atatu, ndi shuga wawo uja. Ndinawapeza atatsamira khoma la kukhitchini. Tsiku limenelo ndinadya mbale yonse, ndi yanu yomwe, ndipo m'mawa mwake ophunzira anga anadikira mphunzitsi amene anali kuchimbudzi.

Zitatero Amayi anasiya kulumbira. Tsopano amaphika mpunga woyera ndi nsomba yowotcha, popanda kanyezi ngakhale kamodzi, ndipo nawonso amadya zomwezo. Amangotola pang'ono n'kukankha mbale. Mimba yanga yakhala chete, achemwali, mpaka ndikugona bwino. Koma pamakwerero pathu sipanunkhiranso adyo wokazinga, ndipo diresi lawo labuluu lija layamba kuwakhwepa. Dzulo anandifunsa motsitsa mawu, "Kodi uko Nagat amamuphikira ndani?" 

Pa foni adzakuuzani kuti zonse zili bwino, musawakhulupirire. Mankhwala musatumize, kabati yadzaza. Pemphani tchuthi, ngakhale cha sabata imodzi, ndipo mubwere ndi njala. Munthu uyu akusowa wina woti amukalipire kuti wadya pang'ono, kumuthirira china, n'kudya naye limodzi.

Moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Rofaida, amene Amayi akuti pachithunzi akuoneka wowonda. Amayi akupereka moni. Ati ndikufunseni ngati mumakondabe mphodza zothira anyezi wambiri, koma ndisanene kuti afunsa ndi iwo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Wagdi