Mkazi Mnzanga wa M'kompyuta

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana. Kuno ana ali bwino, inenso ndikuyenda, koma ang'ono anu sali bwino. Anandiletsa kukuuzani, koma mtima wakana kusunga.

Mwezi watha anagwa m'bafa. Adokotala akuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo dzanja lamanja lafooka moti supuni imawapulumuka. Anawalamula kuti apume. Kupuma kwake kuti? Atangotuluka m'chipatala analunjika m'kachipinda kakumbuyo kaja kukazonda mkazi mnzanga.

Mkazi mnzangayo mukumudziwa, poti ankhoswe ake munali inu. Ndikunena pulogalamu ija munayamba awirinu, yotenga chikalata chodzaza zizindikiro za makompyuta n'kuchisandutsa tsamba loti munthu awerenge kapena asindikize. Munaisiya poyera kuti aliyense atenge ulere n'kuilowetsa m'mapulogalamu ake.

Anthu anatengadi! Lero madandaulo amachita kukhuthuka, ochokera kwa anthu oti nkhope zawo sitinazionepo. Wina analemba kuti ntchito ya kampani yake yaima, akonze msanga, osayamba n'komwe wafunsa kuti mwadzuka bwanji. Ang'ono anu amayankha ndi chala chimodzi chakumanzere, mopepesa, ngati obwereka ndi iwo.

Tsiku lina zinandikwana. Ndinawafunsa kuti mwa anthu onsewo ndi angati adzabwere kudzanyamula bokosi lawo. Anavomera kuti ndanena zoona. Analemba timizere tochepa toti tikhale pamwamba pa pulogalamuyo, tonena kuti iwo atula pansi ntchito, wofuna apitirize. Alamu, tsiku limenelo ndinaphika ndikuimba.

Ndinali nditaiwala lamulo lanu lija, loti palibe chosintha chilichonse, ngakhale chilembo chimodzi, cholowa m'pulogalamumo mnzako asanachione n'kuvomereza. Timizere totsanzikira tija natonso akuti n'chosintha. Ndiye tili kwa inu, tikudikira.

Zokonza zina zonse mumavomereza tsiku lomwelo, ngakhale simulembako moni. Koma uthenga umenewu mwaudumpha. Mwina mukuganiza kuti angotopa, ziwatha. Iwo akuti mukangokhala chete ndiye kuti mwakana, ndipo mkulu akakana mng'ono sachita makani. Nditawauza kuti angoulowetsa okha poti njira akuidziwa, anandiyang'ana ngati ndawatuma kukaba.

M'mawa uliwonse, asanamwe ndi mankhwala omwe, amakwekwereza mwendo kukaona ngati mwayankha. Akapeza kulibe, amakoka mpando n'kuyamba dandaulo lotsatira. Dzulo ndinawapeza atatsamira khoma, maso ali psuu, akuti mutu ukungowawa pang'ono. M'bafa muja zinayambanso choncho. Ndili ndi mantha, alamu.

Ndikudziwa kuti pulogalamuyi ndi mwana wanu inunso, ndipo ndi pokhapo pamene mumakumana ndi ang'ono anu chichokereni kuno. Koma foni ilipo, nyumba ilipo, ndipo mphasa yanu sitinataye.

Chonde, musadikire kuti muyambe mwandiyankha ine. Tsegulani kompyuta lero lomwe, muvomereze timizere timeneto. Pulogalamu ikaima, anthu aja adzapeza ina. Ine ndi ana tilibe kwina kokatenga.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo afewetse chala chanucho.

Ndine mlamu wanu,
mkazi wa ang'ono anu