Munda Uja Musapereke Kaye

Tete, mwezi wa Outubro

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji ku Tsanganoko, inu ndi amayi? Bondo lija likukulolani kutsika kumtsinje? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa la ku Tete mukulidziwa. Munthu umasamba, usanavale n'komwe thukuta layambanso.

Matumba a mbatatesi amene mlongo wanga Sérgio anakweza pa lole anafika, zikomo. Koma ndisakubisireni, theka tinataya. Mbatatesi ya kwathu inazolowera mphepo. Kuno inangogona pang'ono kuseri kwa loja, sitolo yathu ija, n'kuyamba kudontha madzi. Fungo linakwera masitepe mpaka m'nyumba za pamwamba, mwini nyumba n'kutsika kudzatiuza kuti malo ake si msika. Tinakolopa tsiku lonse.

Munafunsa kuti loja ikuyenda bwanji. Poti simunafikeko, ndiyambe ndi malo ake. Ndi perediyo, nyumba yosanja, pakati penipeni pa tauni. Pansi pali ife ndi ogulitsa mankhwala, pamwamba pathu pali maofesi, ndipo pamwamba pa maofesiwo ndi pogona anthu. Tisanalowe, mkamwini wanu Gaspar anaima kutsidya kwa msewu n'kumawerenga mazenera. Anati zenera lililonse ndi banja, banja lililonse limadya, ndipo munthu sangadutse loja ya pakhomo pake kukagula kutali. Inenso ndinavomera, pakuti kwathu mchere ukatha umathamangira pafupi.

Kuno si choncho. Ambiri okhala pamwambapo amagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize. Amadya konko, sabata ikatha ena akwera ndege wa ku Maputo. Amene ali ndi mabanja amapita pa galimoto kumasitolo akuluakulu n'kubwerako ndi katundu wa mwezi wathunthu. Amadutsa naye pakhomo pathu, moni wake wabwino ndithu. A m'maofesi amangogula madzi ozizira ndi kredito ya foni. Pa Sabado msewu wonse umangoti zii, jeleira yoziziritsa zakumwa yokha ndiyo imalira, kudya magetsi.

Amene amaphika m'nyumbazo ndi amayi antchito. Mmodzi mwa iwo, Dércia, ndi wa ku Furancungo, ndiye timacheza ngati apachibale. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amadzipsetseranji ndi dzuwa kupita kumsika, kusiya matimati anga pansi pa masitepe pomwepa. Anaseka. Anati kumsika akagula mulu amamuikira basela, ndipo baselayo ndiye ndiwo za ana ake madzulo, chifukwa abwana sawerenga zoikirapo. Kwa ine zonse ndi za pasikelo, ndipo makina amatulutsa kapepala kopita kwa abwana. Anati asandinamize, sadzayamba kugula kwa ine, ndipo anzake onse a m'perediyomo ndi chimodzimodzi.

Mawa lake ndinamuponyera anyezi awiri m'thumba. Gaspar anaona, nati loja ya m'tauni siyendera basela, sikelo ndi makina ziyenera kunena chimodzi. Iye akunena zoona, Dércia nayenso akunena zoona, koma matimati akuvunda ndi anga.

Kontratu ya malowa itha mu Dezembro. Mwini wake wanena kale kuti pali ena akufuna kutsegulapo pomanga tsitsi. Gaspar akuti tipirire chaka china, poti maperediyo ena akumangidwa chapafupi ndipo mazenera achuluka. Ine sindimutsutsa pagulu. Koma amene amakhala pakhomo pa loja kuyambira m'mawa ndine, ndipo ndimaona mapazi olowa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Paukwati wa msuweni wanga Nilza ndinakuuzani kuti munda wanga wa kumtsinje mumupatse Sérgio, poti ine ndi khasu tinatsanzikana. Amayi anandiuza pafoni kuti mwakonza zoitana amalume mvula isanagwe, kuti mukamulozere malire. Chonde imani kaye. Malire akangolozedwa pamaso pa amalume, basi, sindingadzatsegulenso pakamwa, ndipo sindifuna kudzakangana ndi mlongo wanga chifukwa cha dothi. Chaka chino alime ngati wobwereka, zonse zimene akolole zikhale zake. Mumuuze bwino, asaone ngati ndamulanda chinthu m'manja. Zikundichititsa manyazi kubweza mawu amene ndinanena anthu akumva, koma mantha okhala wopanda potsamira andikulira kuposa manyaziwo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti kapulana yawo, nsalu ija, ndinagula, ibwera ndi munthu wodalirika. Moni kwa azakhali, kwa amalume, kwa Sérgio ndi mlamu wanga, ndi kwa ana onse. Gaspar akupereka moni. Za mundazi musamufunse akaimba foni, ndimuuza ndekha nthawi yake ikakwana.

Khasu langa ndinalisiya kuseri kwa nkhokwe. Ngati chiswe chinadya mpini, Sérgio asemeretu wina.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Odete