Ngati Mwana Anamveka Kulira

Loweruka, 8 Meyi 1999

Mvula chiyambire m'mawa. Matope Kangemi yense, kuno ku Nairobi. Sindinatuluke.

Lachitatu likudzali ikwana miyezi itatu chimwalirire mkazi wanga Lorna.

Kalata yochokera ku Linthipe, kwa a Lawson, amalume ake. Yaulemu ndithu. Akuti mwambo wondisudzula udzakhala mu Ogasiti. Nyumba adzalowemo Rose, mng'ono wake wa Lorna, amene ali ndi ana anayi m'kanyumba kodontha. Mawu awo: "Pakanakhala mwana, tikanati bambo ake akhale. Tsono Mulungu sanalole. Musatione nkhanza, akamwini."

Sindikuwaona nkhanza. Malo ndi a mbumba yawo, ndinkadziwa pomanga. Koma zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwerenga matumba a eni mosungira katundu ku Westlands kuti njerwa zija zikwere. Ukakhala pakhonde, mitengo ya kumanda imaoneka. Lorna ali pamenepo. Kwathu ku Thyolo malo kulibe, azichemwali anga akugawana kamunda ka mayi mizeremizere. Nyumba ija ikapita, ku Malawi ndilibe pofikira.

Ngongole ya ndege yonyamula maliro: yatsala mashilingi 41,000 ku bungwe lathu la Amalawi. A Jobe, asungichuma, satchula. Akanamatchula bwenzi ikupepukako.

Lachiwiri, 11 Meyi

Bambo Matthews anaimba foni kuntchito. Wansembe wachizungu uja ankaphunzitsa Lorna mbiri yakale ku koleji. Akufuna mabuku atatu a ku laibulale amene Lorna anabwereka. Anapepesa kawiri.

Ndatsegula katoni ya Lorna koyamba lero. Mabuku alimo. Mulinso bokosi la nsapato lodzaza makadi, zilembo zake zopendekera zija. Zonse za ku Mangalande, zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo. Ndinkamuseka kuti mphunzitsi wa ku Dedza, ngongole za azungu akufa kalekale zikumukhudza pati. Iye: "Anthu ake ndi omwewa, Reinford. Asiyana zipewa basi."

Ine wolekezera Fomu 2. Ndatenga dikishonale yake.

Mafuta a nyali 30. Buledi 20.

Lamlungu, 16 Meyi

Nditachoka ku Misa, makadi mpaka dzuwa kupendeka. Pang'onopang'ono, chala pa mzere.

Kwa mafumu awo chilichonse chinali ndi mtengo. Kulowa m'malo a bambo ako atamwalira, lipira. Kuti mlandu wako umvedwe, lipira. Mkazi wamasiye wosafuna kukwatitsidwa mokakamiza, naye alipire. Wosakwanitsa ankapereka pang'onopang'ono. Alembi a mfumu ankalemba pa zikopa za nkhosa, n'kuzikulunga ngati mphasa. Chaka chotsatira chikopa chatsopano, dzina lomwelo, ngongole yotsala. Munthu akafa, mwana wake ankaipeza ikumudikira.

Risiti yawo inali kamtengo. Kusemapo timipata, kukang'amba pakati, theka kwa wolipira, theka ku ofesi ya chuma.

Nawonso ankawerengera mashilingi. Ndinaseka ndekha m'nyumba. Kenako ndinatembenuka kuti ndimuuze.

Lachinayi, 20 Meyi

Khadi nambala 212. Ndaliwerenga kasanu, ndikuganiza ndamvetsa.

Mwamuna akakwatira mkazi wokhala ndi malo akeake, mkaziyo n'kumwalira, mwamunayo ankakhalabe pamalopo moyo wake wonse, ngati anabereka naye mwana wamoyo. Ngakhale mwanayo atakhala ola limodzi lokha. Umboni wake: kuti anamveka kulira m'kati mwa makoma anayi a nyumba. Abale a mkazi akatsutsa, mwamunayo ankagula kalata ya mfumu, amuna khumi ndi awiri a m'deralo n'kulumbira ngati mwana analira kapena ayi. Mwamunayo akafa, malo ankabwerera kwa eni.

Kuseri kwa khadi, ndi pensulo, m'Chichewa: "Kwathu zotere kulibe. Ine nditatsogola, R. angakhale kuti? Ndikambe ndi amalume pa Khirisimasi."

Pa Khirisimasi sitinapite. Adokotala anamuletsa ulendo wa basi.

Za mwana sindinalembepo m'buku muno. Lorna anamwalira pobereka, pa 12 Febuluwale masana. Anandiuzira pakhonde la chipatala kuti onse awiri apita. M'mawa mwake azimayi a bungwe lathu anakamuika mwanayo kumanda a ku Lang'ata, okhaokha, monga amachitira ndi mtayo. Ine ndili kalikiliki ndi mapepala a ndege. Sindinafunse. Mwamuna safunsa zimenezo. Sindikudziwa n'komwe ngati anali wamwamuna kapena wamkazi.

Loweruka, 22 Meyi

Ndabweza mabuku. Bambo Matthews akalamba kuposa mmene ndinawaonera pa maliro. Tiyi wopanda shuga, anaiwala.

Ndinawaonetsa khadi lija, mbali ya Chingelezi yokha. Akuti ndamva bwino. Akuti milandu yotere inkafika m'makhoti a mfumu, anthu n'kumakangana za kulira kwa khanda limene linaikidwa kale. Kenako anavula magalasi: "Mukudziwa kuti lamuloli silingakuthandizeni ku Dedza. Ngakhale kwathu linatha." Ndinati ndikudziwa, Bambo.

Makadi akuti ndikhale nawo. Akuti Lorna anali atatsala ndi mutu umodzi wokha kuti amalize.

Ndikudziwadi. A Lawson sanamvepo za chikopa cha nkhosa cholembedwa. Koma iwo omwe analemba kuti pakanakhala mwana. Nanga ngati analipo, kwa mphindi zisanu?

M'chipinda choberekera muja munali mayi Eness, akazi a a Jobe. Ndi anamwino, n'chifukwa chake anawalola kulowa.

Lachitatu, 26 Meyi

Matumba 340 a nyemba alowa, 120 atuluka. Ndinanyamula foni ya mu ofesi kawiri, n'kuibweza osaimba.

Funso lotere kwa mkazi wa mwini. Manyazi.

Lamlungu, 30 Meyi

Ku South C, kwa a Jobe. Maminibasi awiri, 40.

A Jobe anayesa ndadzera za ngongole. "Achimwene, mwavalira jekete ndalama zathu zomwezi? Sitikuthamangitsani." Anaseka okha. Ndinadikira mpaka atatuluka kukatsuka galimoto.

Ndinawafotokozera mayi Eness zonse. Kalata ya a Lawson, nyumba, khonde, khadi la Lorna. Ndinayankhula kwambiri kuposa miyezi itatu yonseyi. Kenako ndinafunsa.

Mayi Eness anaika kapu yawo pansi. Panja a Jobe akuimba nyimbo ya kwaya, madzi akukhavukira pa galimoto.

"Analira, alamu. Kamodzi. Anali wamkazi."

Ndinathokoza. Sindikumbuka ngati ndinawatsanzika a Jobe. Pobwera ndinapitirira siteji yanga mpaka ku Uthiru, kondakitala n'kundilipiritsanso. Ndinalipira osatsutsa.

Wamkazi.

Lolemba, 31 Meyi

Ndawalembera a Lawson. Sindinapemphe nyumba mwachindunji, sindinatchule za ku Mangalande. Ndangoti: mdzukulu wanu anabadwa wamoyo, wamkazi, analira, alipo anamumva. Ndinakhala bambo, ngakhale kanthawi kochepa. Muganizire.

Ndaiponya ku positi ya ku Westlands nthawi ya nkhomaliro.

Lamlungu, 6 Juni

Ndachapa makatani. Ndaphika bwinobwino koyamba, ndiwo zamasamba za sukuma ndi nyama ya 50. Mayi wa chipinda choyandikana anasuzumira kuona ngati kwabwera mlendo.

Ku tchalitchi anzathu onse nkhani ndi ya chisankho cha kumudzi. Ine chete, koma osati chete wa masiku onse. Khanda linalira nthawi ya ulaliki, mayi ake n'kutuluka nalo mwamanyazi. Ndinafuna kuwauza kuti akhale.

Mayi Eness sanadzuke kukalandira Ukalisitiya. Mwina chimfine, kwayamba kuzizira.

Ndamutcha dzina. Ndilisunga mumtima kaye.

Ndapereka 2,000 kwa a Jobe. Yatsala 39,000.

Lachisanu, 18 Juni

Mayi Eness anabwera kuntchito masana, ali mu yunifolomu. Anakana kulowa. Tinaima pageti, malole akudutsa.

Mawu awo ndiwalembe mmene anawanenera. "Alamu, ndinakunamizani. Mwana sanalire. Anatuluka ali chete, tinayesa zonse. Ndinaona nkhope yanu tsiku lija, pakamwa panga panangoyankha pokha."

Akuti ma Sabata awiri sanalandire Ukalisitiya. Akuti sagona bwino.

Zoti anali wamkazi n'zoona. Tsitsi lambiri, lakuda bii. Lorna anali akadali maso, anapempha amuone, anamugwira phazi. Zimenezi analumbira, dzanja pachifuwa.

Ndinati kalata inapita kale, masiku khumi ndi asanu ndi atatu apitawo. Anagwira chitsulo cha geti. "Ine sindidzauza munthu, ngakhale a Jobe. Zili kwa inu."

Sindinakwiye. Ndinafufuza mkwiyo mumtima, sindinaupeze. Ndinawaperekeza ku siteji.

Masana onse ndinasokoneza chiwerengero. Abwana anandiuza ndiweruke msanga.

Loweruka, 19 Juni

Kuzizira.

Lachiwiri, 29 Juni

Masiku khumi osalemba. Ntchito, kunyumba, ntchito.

Ndimati mwina kalata inasochera. Zimasochera zambiri pakati pa kuno ndi Dedza. Ndinapempherera zimenezo. Kenako ndinapempherera kuti ifike. Mulungu asankhepo yekha.

Loweruka, 3 Julayi

Yankho lafika. Masamba awiri, a Lawson alemba okha, zilembo zonjenjemera.

Akuti anaitanitsa mbumba yonse n'kuwerenga kalata yanga pamaso pawo. Azimayi analira ngati maliro afika kumene. Akuti palibe anawauza kuti kunali mwana wamoyo, akanadziwa sakanalemba kalata yoyamba ija. "Bambo wa mwana wathu sitimuchotsa ngati mlendo wodutsa."

Kundisudzula kudzachitikabe, kuti ndikhale womasuka ndikadzafuna banja lina. Koma nyumba ndi yanga mpaka ndidzafe, kenako idzabwerere ku mbumba. Ndendende khadi 212, kuchokera kwa munthu amene sanaliwerengepo.

Rose wavomera yekha, akuti. Anyamata adzamufolerera udzu watsopano mvula isanagwe.

Pomaliza akufunsa dzina la mwana, kuti lidzatchulidwe pa Misa limodzi ndi la mayi ake.

Ndakhala pabedi ndi kalatayo m'manja mpaka tiyi kuzizira. Zimene ndinkafuna, ndapatsidwa zonse.

Lamlungu, 4 Julayi

Sindinapite ku Misa.

Ndapendanso makadi onse, 1 mpaka 260, kufuna pamene Lorna analemba za amuna khumi ndi awiri aja. Kodi panalibe amene ananama chifukwa cha chisoni? Mnansi woona mnzake atsala pang'ono kutulutsidwa, n'kunena kuti inde, ndinamva kulira. Ayenera analipo. Zikopa zinkasunga ndalama yolipidwa ndi chigamulo, basi. Mmene munthuyo ankagonera m'nyumba imeneyo pambuyo pake, palibe analemba.

Amene akudziwa ndife awiri. Mmodzi walonjeza kukhala chete.

Sindinabe. Njerwa ndi zanga, malata ndi anga, thukuta langa. Polemba kalata ija ndinkakhulupirira mawu aliwonse.

Koma Rose ndimamudziwa. Udzu wa chaka chino udzadontha pofika Febuluwale. Adzadzutsa ana kusuntha mphasa, nyumba ya malata ili potero yokhoma, mwini wake ali ku Nairobi. Ndipo sadzadandaula, chifukwa cha mwana wa mkulu wake amene analira kamodzi.

Lachiwiri, 6 Julayi

Anzathu ali ndi phwando la ufulu madzulo ano ku Donholm. A Jobe anaimba kuti ndisalephere. Ndapepesa.

Kalata ya kwa a Lawson ndinaiyamba kanayi m'mawa, ndisanatsegule mosungira katundu. Yachinayi ndiyo yapita. Ndikope pano kuti ndisadzadzinamize kuti ndinalemba zina:

Amalume, mwana sanalire. Amene anandiuza anachita pondimvera chisoni, wabweza yekha mawu ake, musandifunse dzina lake. Ine ndinalemba ndisakudziwa. Mdzukulu wanu anali wamkazi, watsitsi lambiri, mayi ake anamugwira phazi. Kwa ine ndine bambo ake, kaya mwambo ukuti chiyani. Koma chigamulo chanu munachipanga pa mawu osaona, ndiye ndikuchibweza m'manja mwanu. Muweruzenso ndi mbumba, Rose ali pomwepo. Chimene mudzanene ndidzalandira. Ngati n'kotheka mundilole kumafika kudzalambula pamanda. Dzina lake ndi Lonjezo.

Pa bokosi la positi ndinaima nthawi yaitali, envelopu theka m'kati. Munthu wa kumbuyo kwanga anatsokomola. Ndinaisiya.

Yankho mwina kumapeto kwa mwezi. Nyumba mwina yapita. 

Ndawaimbira mayi Eness. Analira pa foni, ine ndinadikira. Kenako ndinapempha chinthu chimene mwamuna sapempha. Avomera. Loweruka lino, 9 koloko, pageti la ku Lang'ata. Akuti malowo akuwakumbuka, ndi kumapeto cha kumpanda, palibe mtanda. Akuti nditenge khasu laling'ono, udzu uyenera kuti wakula.