Diso Lamanzere la Mwana wa Ometa

Lolemba, 9 Okutobala

Dzuwa loswa mtengo. Fani ya mu situdiyo ikungozunguza mpweya wotentha womwewo. Makasitomala atatu tsiku lonse, onse a zithunzi za ziphaso, onse thukuta kamukamu.

Mwana wanga Kamphepo wafika kuchokera kusukulu nsapato zili m'manja. Zaka zisanu ndi zinayi, kuyenda sakudziwa, kuthamanga basi. Diso lake lochita kupanga limamuyabwa kukatentha chonchi. Ndamutsukira pa sinki ya kuseri, mwiniwake akuimba. Akuti anzake anamupempha kuti alichotse aone, iye anawayankha kuti kanema waulere anatha.

Mwezi uno sindiukonda. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kukutentha chomwechi, dokotala wa maso anazimitsa katochi kake n'kunena kuti, “Bambo, takhalani pansi kaye.” Ndinali nditakhala kale. Khansa ya m'diso. Sabata isanathe diso analichotsa.

Ndatsitsira mu kompyuta zithunzi za Loweruka. Mwana wa ometa a shopu yogundana ndi yangayi anakwanitsa chaka. Amamutchula kuti Kabwana. Ndisanazione, magetsi thii.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Chithunzi nambala 14. Kabwana pamiyendo pa mayi ake, keke patsogolo. Diso lamanja lofiira, monga imachitira fulashi. Lamanzere loyera. Pakati penipeni, pamene pamayenera kuda, mbee.

Nambala 15 chimodzimodzi. 22. 31. Diso lomwelo.

Ndazimitsa kompyuta. Ndasesa mosesa kale. Ndayatsanso. Kadontho kali pomwepo.

Kuseri kwa khoma makina ometera akulira, wailesi, phwete la anthu. Ometa anasuzumira pakhomo: “Achimwene, zithunzi za bwana wanga zituluka liti? Apongozi akundisowetsa mtendere.” Ndati pulinta yavuta. Pulinta ilibe vuto.

Lachitatu, 11 Okutobala

Ndawaonetsa amake Kamphepo chithunzi chija pafoni m'mawa, asanapite kuntchito kwawo kophika buledi. Sanakondwe. Akuti kodi ndaiwala za chaka chatha, pamene ndinaliza achemwali awo sabata yathunthu chifukwa cha chithunzi chimodzi, kuchipatala n'kukapeza kuti mwana alibe kanthu? Sindinaiwale. Mpaka lero alamu amandipatsa moni wa nsonga za zala.

“Inu mwana wa munthu akangoyetsemula mumaona khansa.”

Zoona zilimo. Koma foni anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera chovundikira. Tiyi anamusiya patebulo.

Masana ndinaona Kabwana pakhonde, akukwawa kulondola mpira. Mayi ake anaugubuduzira kumanzere kwake. Sanacheuke. Mwina ankangoyang'ana zina. Ana amatero.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ndawauza. Zaipa.

Ndinadikira kuti mometera muthe anthu, ndinaitana ometa ndi akazi awo, ndinakuza chithunzi pa kompyuta. Ndinakonzeka kulankhula pang'onopang'ono, kuti mwina si kanthu, angopita akamuunike. Koma pakamwa panatuluka liwu loti khansa ndisanafike n'komwe pa mwina.

Mayi a Kabwana anamunyamula mwanayo ngati ndamutema. “Zinakugwerani inu, ndiye mukufuna zigwere aliyense?” Ometa anayesa kuseka, akuti kamera yanga yakalamba ngati mwiniwake. Kenako kuseka kunatha. Anati, “Mwana akudya, akusewera. Tipatseni zithunzi zathu, zaudokotala musiyire eni ake.”

Zaka zisanu ndi zitatu tikubwerekana tsache ndi mpando. Lero atseka osatsanzika.

Lolemba, 16 Okutobala

Kutentha kukunkirankira. Mpopi wauma kuyambira dzulo. Ndajambula gulu la kwaya pabwalo, mayi wina anakomoka ndisanadine.

Ometa moni akuyankha ndi chibwano. Kamphepo anapita kukanyamula Kabwana monga amachitira akaweruka, mayi a Kabwana anamulowetsa mwana wawo m'kati n'kukoka katani. Kamphepo anabwerako. Anakhala pa mpando wojambulira, miyendo ili lendelende. Patapita nthawi: “Adadi, kodi diso langali ndi lopatsirana?”

Ndinati ayi. Mawu anatuluka mokalipa, ngati walakwa ndi iye.

Zithunzi akuzifuna Lachinayi. Kudetsa kadonthoko ndi ntchito yosakwana mphindi imodzi. Kukuza chithunzi, kusankha mtundu wakuda, kudina kawiri. Mwana n'kuoneka bwinobwino, apongozi n'kusangalala, tsache n'kuyambanso kubwerekedwa. Ndinafika pokuza chithunzicho. Dzanja linkadziwa lokha kopita.

Ndinatuluka panja, n'kuima padzuwa mpaka mutu kuwawa.

Lachitatu, 18 Okutobala

Izi sindinazilembepo m'buku lililonse.

Ndinalowa mometera ngati kasitomala, n'kukhala pampando. Kasitomala sathamangitsidwa. Ometa anandikulunga nsalu m'khosi. Makina atayamba kulira nanenso ndinayamba kulankhula, maso ali pagalasi.

Ndinawauza kuti kadontho koyera ka Kamphepo ndinakaona mu Juni. Kuchipatala tinapita mu Okutobala. Miyezi inayi. Ndinkati ndi fulashi. Chithunzi chilichonse ndinkakadetsa ndi dzanja langali, kuti mwana wa wojambula asaoneke moipa pakhoma. Zithunzi khumi ndi chimodzi. Zina zikadali m'chipinda chochezera kwathu, m'mafelemu, maso onse awiri akuda bwino.

Dokotala atafunsa kuti tinayamba kuona liti, ndinati sabata yatha. Anapukusa mutu, anati zikanadziwika miyezi itatu m'mbuyomo diso likanapulumuka. Amake Kamphepo anagwira chitsulo cha bedi. Nthawi imeneyo sankagwira ntchito, ankakhala ndi mwana tsiku lonse. Mpaka lero amati, “Ndinali mayi wotani ine, kumusambitsa tsiku ndi tsiku osaona?” Ine ndimawasisita pamsana. Ndimati palibe akanadziwa.

Makina anali atasiya kulira, sindikudziwa kuyambira liti. Mbali imodzi ya mutu yometa, ina ayi. Ometa anaima kumbuyo kwanga, akundiyang'ana pagalasi. Anafunsa chimodzi chokha, cha amake Kamphepo: “Alamu akudziwa?” Ndinati ayi.

Anamaliza kumeta. Anandikuntha tsitsi m'khosi.

Lachinayi, 19 Okutobala

Kometera loko. Makasitomala awo akugogoda kwa ine, kufunsa. Sindikudziwa. Mwina kuchipatala. Mwina atopa nane apita kwa abale. Foni yawo ikungoitana.

Zithunzi ndatsuka zonse monga zilili, kadontho kali mbee. Zili mu envelopu pa kauntala.

Fani yafa. Ndaimenya, yadzuka.

Ndikangotseka maso, benchi ija ya kuchipatala. Yobiriwira, yotentha ngati chiwaya. Kamphepo atavala kadiresi kachikasu, akundipempha madzi, nesi atanena kuti asamwe kanthu. Ndinamuuza kuti mpopi wawonongeka. Anandikhulupirira.

Lachisanu, 20 Okutobala

Abwera cha m'ma 1 koloko. Ometa okha, malaya omwe anavala Lachitatu. Anakhala pa mpando wojambulira osaitanidwa.

Ndi khansa yomweyo. Koma akuti chotupacho n'chaching'ono, sichinafalikire. Madokotala akuti afika nthawi yabwino, diso likhoza kupulumuka. Mankhwala ayamba Lolemba. Ankalankhula akuyang'ana pansi, akutembenuza chipewa m'manja. Ndinawapatsa madzi. Theka anamwa, theka anadzithira kumutu.

Akuti mayi a Kabwana ankakana mpaka Lachitatu madzulo. Chinawasintha ndi nkhani yanga. Anawafotokozera yonse, ya miyezi inayi, ya zithunzi khumi ndi chimodzi. “Pepani achimwene, panalibe njira ina.”

Ndiye akuti mayiwo ali ndi manyazi ndi zimene anandinena. Akufuna akapepese kwa amake Kamphepo, awafunsenso zoyenera kunyamula pokagonera mwana kuchipatala. Akawadikira pageti la kophika buledi akamaweruka, 4 koloko. Ometa anawachenjeza kuti za zithunzizo asakazitchule. Koma anandiyang'ana, nanenso ndinawayang'ana. Mayi a Kabwana tonse tikuwadziwa. Akayamba kulira, zonse zimatuluka.

Tsopano ndi 2 koloko. Kophika buledi ndi ulendo wapansi wa mphindi makumi atatu. Ndakhala ndikuyesa mawu oyambira kuseri kwa lisiti, ndafufuta onse. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu akusenza katundu wanga, ine ndikumusisita pamsana.

Ndazimitsa kompyuta. Loko ali m'manja. Kamphepo wangofika kumene, akufunsa kuti ndikutsekeranji masanasana. Ndati ndikupita kwa amayi ake, ndili nawo mawu. Akuti nayenso apita nawo.

Ndakana. Ndamuuza kuti ndi nkhani ya akuluakulu, akhale kwa atelala apafupi apa mpaka tibwere. Wayamba kale kuvala nsapato.

Apite nawo. Diso linali lake.